Jakisoni wa Ozempic ndi mapilitsi atsopano a shuga: amathandiza chani, amavuta pati?

Mayi anga aang'ono akhala akumwa metformin ndi glibenclamide kwa zaka ndithu, nde mwezi wathawu mwana wawo amene ali ku Johannesburg anaimba foni kuti mayi zisiyeni zakalezo, kuno kuli jakisoni wobaya kamodzi pa sabata, shuga amatsika thupi nkupepuka, ndikutumizirani pa basi. Poti amene ndimawaperekeza ku kiliniki ya shuga ndi ineyo anandiitana kuti mwanawe, mbale wakoyu akunena zoona? Ndinati mayi dikirani kaye. Mankhwalawo alipodi ndipo ndi amphamvu zedi, koma sikuti aliyense wa shuga amamuyenera, komanso pa mankhwala atsopanowa amene angathandize anthu ambiri kwathu kuno mwina si jakisoni wotchukayo ayi.

Tiyambe ndi amene timawadziwa kale kuti kusiyana kuoneke. Metformin ntchito yake yaikulu ndi kuletsa chiwindi kuthira shuga wambiri m'magazi, ndi wakale kwambiri, dokotala wa ku France Jean Sterne anayamba kupatsa odwala mu 1957 ndipo mpaka pano ndi amene madokotala ambiri amayambira. Glibenclamide amakakamiza kapamba kutulutsa insulin, homoni imene imatsitsa shuga m'magazi, kaya mwadya kaya simunadye, nchifukwa chake agogo akamwa mmawa nkupita kumunda osadya kanthu amayamba kunjenjemera, thukuta, maso kuchita mdima mwina mpaka kukomoka. Atsopanowa anadzera njira zina.

Jakisoni uja, Ozempic, nkhani yake imayambira m'matumbo. Tikadya, matumbo amatulutsa homoni yotchedwa GLP-1 imene imauza kapamba kuti tulutsa insulin chakudya chafika, imachedwetsa chakudya kuchoka m'mimba, komanso imauza ubongo kuti basi wakhuta. Vuto lake GLP-1 wathu wachilengedwe sakhalitsa, mphindi ziwiri zokha thupi lamuphwanya kale. Mu 1992 dokotala wina ku New York, John Eng, anapeza kuti m'malovu a buluzi waululu wotchedwa Gila monster, wa m'zipululu za ku America ndi Mexico, muli kanthu kofanana ndi GLP-1 koma kokhala maola ambiri. Kuchokera pamenepo anapanga exenatide, amene anavomerezedwa ku America mu 2005 ndipo ankabaya kawiri pa tsiku. Kenako kampani ya ku Denmark ya Novo Nordisk inabweretsa liraglutide wobaya kamodzi pa tsiku, ndiye mu December 2017 semaglutide, amene ndi Ozempic uja, kamodzi pa sabata. Wegovy amene mumamumvayo ndi semaglutide yemweyo koma mlingo wokwera ndipo anavomerezedwa mu 2021 kuti azichepetsa thupi. Palinso wa mapilitsi wotchedwa Rybelsus, wa 2019, amene amamwa mmawa m'mimba mulibe kanthu ndi timadzi pang'ono nkudikira mphindi 30 musanadye. Mounjaro ndi wa kampani ina, Eli Lilly, dzina la mankhwalawo ndi tirzepatide, anatuluka mu 2022 ndipo amatsanzira mahomoni awiri nthawi imodzi.

Ubwino umodzi waukulu ndi woti mankhwalawa amakankha insulin pokhapokha shuga akakwera, nde paokha satsitsa shuga mopitirira. Koma mawu oti paokhawo muwagwire. Munthu amene akumwa glibenclamide kapena akubaya insulin akangowonjezera jakisoniyu osachepetsa enawo, uku chilakolako cha chakudya chathawa, shuga atha kugwa koopsa. Mayi anga aang'ono akanangolandira phukusi la pa basi lija nkuyamba kubaya ndi zimene ndinkaopa poyamba penipeni.

Za kuonda zija ndi zoona. Pa kafukufuku wamkulu wa anthu onenepa kwambiri opanda shuga, semaglutide wa mlingo wa Wegovy anachotsa pafupifupi 15 peresenti ya kulemera kwa thupi m'masabata 68, ndekuti wa makilo 100 anatsala ndi 85, pomwe tirzepatide pa mlingo wapamwamba anafika cha m'ma 20 peresenti. Anthu a shuga saonda kufika pamenepo, amathera cha m'ma 10. Chimene otsatsa pa TikTok sanena nchoti ukasiya thupi limabwerera, amene anasiya pa kafukufuku uja anabweza magawo awiri mwa atatu a makilo amene anataya chaka chimodzi chokha. Ineyo chimene chimandigwira mtima kwambiri ndi za mtima ndi impso. Mu 2023 kafukufuku wa anthu opitirira 17,000 odwala mtima anaonetsa kuti semaglutide amachepetsa ndi 20 peresenti chiopsezo cha sitiroko, kutsekeka kwa mitsempha ya mtima kapena imfa ya mtima, ndipo mu 2024 wina wa anthu a shuga amene impso zinayamba kuwonongeka anapeza kuti mavuto aakulu a impso anachepa ndi 24 peresenti.

Tsopano zovuta zake. Zofala kwambiri ndi za m'mimba: nseru, kusanza, kutsegula kapena kudzimbidwa, kugeya konunkha ngati dzira lovunda. Pa Ozempic pafupifupi munthu mmodzi mwa asanu amamva nseru, pa mlingo wa Wegovy ndi ochuluka kuposa pamenepo. Nchifukwa chake amayamba ndi kamlingo kakang'ono ka 0.25 mg kwa masabata anayi, kamene sikatsitsa nkomwe shuga kwenikweni koma kuti thupi lizolowere, kenako nkumakwera pang'onopang'ono. Amene amathamangira mlingo waukulu kuti aonde msanga ukwati usanafike ndi amene amathera ku chipatala ndi kusanza kosalekeza, madzi nkutha mthupi impso nkuvulala. Zimathandiza kudya pang'ono pang'ono, mtanda umodzi wa nsima mmalo mwa itatu, kusiya kudya mukangomva kukhuta olo mbale isanathe, ndi kupewa zamafuta monga chipisi, kanyenya ndi mandasi poti zimakhalitsa m'mimba kale nkale. Kwa ambiri nseruyo imachepa pakapita masabata.

Zina sizichitika kawirikawiri koma ndi zoti muzidziwe. Kuonda mwachangu kumabweretsa timiyala mu ndulu. Kapamba atha kutupa, chizindikiro chake ndi kupweteka koopsa pamwamba pa mchombo kolasa mpaka kumsana, kosasiya, nthawi zambiri ndi kusanza, apo musabayenso, thamangirani ku chipatala. Maso nawo: munthu amene shuga anamuwononga kale maso, shuga akatsika mwadzidzidzi masowo amatha kuipiraipira kaye, pa kafukufuku wa 2016 zinachitikira anthu 3 pa 100 alionse a semaglutide poyerekeza ndi pafupifupi 2 mwa amene sanalandire, nde kuyezetsa maso musanayambe nkofunika kwambiri. Mu 2025 bungwe loona za mankhwala ku Europe la EMA linawonjezeranso vuto lina losowa kwambiri, la mtsempha wa diso kusowa magazi diso limodzi nkusiya kuona mwadzidzidzi, pafupifupi mmodzi pa anthu 10,000. Pa makoswe mankhwalawa anayambitsa zotupa za chithokomiro, nchifukwa chake amene kubanja kwawo kuli mtundu wina wa khansa ya chithokomiro wotchedwa medullary saloledwa. Mukamapita ku opaleshoni auzeni adokotala kuti mumabaya, chifukwa olo mwagona ndi njala monga anakuuzirani chakudya cha dzulo chitha kukhala chikadali m'mimba ndipo akakugonetsani chimatha kubwerera nkulowa m'mapapo.

Amayi ndi atsikana, mankhwalawa si a munthu woyembekezera kapena amene akufuna pathupi, semaglutide amafunika kusiya miyezi iwiri musanayambe kuyesa. Komanso Mounjaro amasokoneza mapilitsi olera makamaka masabata anayi oyamba ndi masabata anayi mlingo ukangokwezedwa, nde nthawi imeneyo pamafunika kondomu kapena njira ina yosadzera pakamwa.

Koma chimene chinandipangitsa kukana za mayi anga aang'ono ndi ichi: iwowo ndi ochepa thupi kale. Makilo amene munthu amataya pa jakisoniyu si mafuta okha, minofu nayo imapita, nde munthu wachikulire woonda akataya minofu ya m'miyendo amayamba kuvutika kudzuka pamkeka, kugwa, kulephera kunyamula ndowa. Mankhwalawa anayesedwa kwambiri pa anthu onenepa a ku America ndi Europe amene insulin ali naye wambiri koma thupi silikumumvera. Kwathu kuno pitani pa benchi ya kiliniki ya shuga mukaone, ambiri ndi owonda kapena a thupi lapakatikati, ndipo vuto lawo nthawi zambiri ndi loti kapamba sakutulutsa insulin wokwanira. Mu 2025 bungwe la International Diabetes Federation linavomereza mpaka dzina la type 5 pa shuga wa anthu owonda amene anakula ndi njala. Munthu wotero chimene akusowa mwina ndi insulin weniweni. Ndipo a type 1, ana ndi achinyamata amene amabaya insulin tsiku lililonse, palibe mankhwala alionse mwa awa amene angalowe mmalo mwa insulin, akasiya ndi imfa masiku ochepa. Palinso mbali ina imene a kunja saiganizira, kuti kuno munthu akaonda mwadzidzidzi anthu amayamba kunong'ona za kachilombo kapena TB, ndipo ndikudziwa kuti mayi ena atha kusiya mankhwala abwinobwino chifukwa cha pakamwa pa anthu. Adokotala akuyenera kuyamba akamba zimenezi ndi wodwala.

Za pa basi zija nazo. Peni ya Ozempic isanayambe kugwiritsidwa ntchito imafuna furiji, osati mufiriza, ikaundana yatha ntchito. Mukayamba kubaya imatha kukhala kunja masabata angapo bola kutentha kusapitirire madigiri 30. Taganizani chikwama chili kunsi kwa basi masiku awiri kudutsa Beitbridge ndi Tete mu October. Ndiye palinso abodza. Mu June 2024 WHO, bungwe loona za umoyo padziko lonse, inachenjeza za Ozempic wachinyengo amene anapezeka ku Brazil, UK ndi America, ndipo ku Austria mu 2023 anthu anagonekedwa m'chipatala atabaya mapeni abodza amene mkati mwake munali insulin. Wogulitsa pa WhatsApp amene sakufunsani kalata ya dokotala mumuope.

Tsopano amene ndimafuna kwambiri kuti muwadziwe, mapilitsi otchedwa SGLT2 inhibitors. Maina awo amathera ndi flozin: empagliflozin amene ndi Jardiance, dapagliflozin amene ndi Forxiga, ndi canagliflozin. Impso zathu zimasefa magazi usana ndi usiku, pa tsiku zimasefa shuga wokwana pafupifupi magalamu 180 koma zimamubweza yense m'magazi kuti asatayike. Mapilitsiwa amatseka kakhomo kobwezerako, nde shuga wina, magalamu 60 mpaka 80 pa tsiku, amatuluka ndi mkodzo, amenewo ndi masupuni a tiyi 15 kapena kuposa. Makolo ankadziwira shuga poona nyerere zikuunjikana pamene munthu wakodza, nde pa mankhwala awa nyererezo zibwera ndithu ndipo sikuti matenda akula, ndi mmene akugwirira ntchito. Kuyeza shuga mu mkodzo kumakhala kopanda tanthauzo, muziyeza wa pachala. Nzeru yake ndi yakale modabwitsa, inachokera ku phlorizin amene anapezeka mu khungwa la mizu ya mtengo wa maapozi mu 1835, koma piritsi loyamba lenileni, dapagliflozin, linavomerezedwa ku Europe mu 2012.

Potsitsa shuga si amphamvu kwambiri, jakisoni uja amawaposa. Kutchuka kwawo kunabwera mwangozi. Mu 2007 kunabuka mkangano woti mankhwala ena a shuga otchedwa Avandia akuwonjezera matenda a mtima, nde mu 2008 bungwe la FDA ku America linalamula kuti mankhwala atsopano onse a shuga aziyesedwa ngati sakuwononga mtima. Makampani anangofuna kuonetsa kuti awo ndi osaopsa basi. Zotsatira za empagliflozin zitatuluka mu 2015, pa anthu 7,020 a shuga odwalanso mtima, imfa za mtima zinachepa ndi 38 peresenti ndipo kugonekedwa chifukwa cha mtima wofooka kunachepa ndi 35 peresenti. Kuti manambala asatinamize, tanthauzo lake ndi loti m'zaka zitatu, pa anthu 100 amene sanamwe anamwalira ndi mtima pafupifupi 6, pa 100 amene anamwa pafupifupi 4. Awiri pa 100 angaoneke ochepa koma awerengeni pa anthu onse a shuga m'boma limodzi. Mu 2019 ndi 2020 dapagliflozin anaonetsa kuti amathandiza a mtima wofooka, aja otupa miyendo ndi kubanika akagona chagada, komanso amachedwetsa kuwonongeka kwa impso, olo munthuyo alibe shuga nkomwe. Pano madokotala a mtima ndi a impso amawalemba ngati mankhwala awoawo. M'dziko ngati lathu limene makina a boma a dayalisisi, osefa magazi impso zikafooka, muwapeze m'zipatala zazikulu zochepa chabe monga Kamuzu Central ku Lilongwe ndi Queens ku Blantyre, ndipo mzere wake ndi wautali, piritsi limodzi pa tsiku lochedwetsa impso kufa ndi nkhani yaikulu kuposa kuphwetsa mimba.

Zovuta zake zimachokera pomwepo pa shuga wa mu mkodzo. Malo obisika akamakhala ndi shuga tizilombo ta fangasi timasangalala, nde amayi ambiri amadwala mauka, kuyabwa ndi zoyera zotuluka, abambonso makamaka osadulidwa kunsonga kumafiira ndi kuyabwa. Apa mabanja atha kukangana zosafunika kuganizirana zachiwerewere pomwe ndi piritsi chabe, nde ndi bwino onse awiri adziwiretu. Zimachizika mosavuta ndi kirimu kapena mapilitsi a fangasi, ndipo kutsuka ndi madzi mukakodza ndi kuvala zamkati zouma za thonje kumathandiza kwambiri. Chosowa kwambiri koma choopsa ndi chilonda chodya mnofu pakati pa maliseche ndi kotulukira chimbudzi chotchedwa Fournier's gangrene, FDA inachenjeza mu 2018 itapeza anthu 12. Kupweteka, kutupa kapena kufiira malo amenewo pamodzi ndi kutentha thupi, manyazi asiyeni pakhomo, pitani tsiku lomwelo.

Chachiwiri ndi madzi. Mumakodza kwambiri, BP imatsikako pang'ono, zimene kwa ambiri ndi phindu, koma kwa agogo amene akumwanso mankhwala okodzetsa a BP, m'chilimwe cha ku Nsanje kapena Chikwawa, chizungulire podzuka ndi kugwa zimachitika. Pamafunika kumwa madzi okwanira ndipo nthawi zina adokotala amachepetsa okodzetsawo. Mukayezetsa impso masabata oyamba nambala imatsikako pang'ono, zimenezo zimayembekezeka, kenako imakhazikika.

Chachitatu ndi chimene ndikufuna aliyense womwa mapilitsiwa ndi womusamalira aloweze pamtima, ketoacidosis. Thupi likasowa insulin ndi chakudya limayamba kuwotcha mafuta mwachangu, magazi nkudzaza asidi. Kale madokotala ankazindikira zimenezi poona shuga wokwera kwambiri, koma pa mapilitsi awa shuga amatayika mu mkodzo nde kamakina ka pachala katha kuonetsa nambala yabwinobwino uku munthu akupita. FDA inachenjeza mu 2015. Zizindikiro ndi nseru, kusanza, m'mimba kupweteka, kufooka kwambiri, kupuma mozama ndi mothamanga, kusokonezeka mutu. Ndipo zoyambitsa zake ndi zinthu za tsiku ndi tsiku kwathu kuno: malungo amene akukulepheretsani kudya, kutsegula m'mimba nthawi ya dzinja, kusala kudya masiku angapo ku phiri kapena mwezi wa Ramadan osakambirana ndi adokotala, kumwa mowa kwambiri osadya, kusiyiratu nsima ndi zonse zokhutitsa poti mwamva kuti ndi mmene amaondera, kapena kuchepetsa insulin panokha. Lamulo lake ndi losavuta, tsiku limene mukudwala moti simukutha kudya ndi kumwa bwino piritsili liimitseni, metformin nayenso chimodzimodzi, imwani madzi ndi thanzi ORS, mukayambirenso mukachira nkumadya bwino kwa tsiku limodzi kapena awiri. Insulin yekha ndi amene simusiya. Opaleshoni ikakonzedwa amasiya masiku atatu isanachitike. Ndipo mukafika ku chipatala mukusanza, tchulani dzina la piritsilo kapena tengani paketi yake, chifukwa a kachipatala kakang'ono atha kuyeza shuga nkuona nambala yosakwera kwambiri ngati 9 nkunena kuti si shuga ameneyu. Pa chifukwa chomwechi munthu woonda amene insulin wake ndi wochepa kale amafunika kusamala naye kwambiri pa mapilitsiwa, ndipo a type 1 ndi oyembekezera sapatsidwa.

Za mapazi, canagliflozin pa kafukufuku wa 2017 anaoneka kuti akuwonjezera kudulidwa zala, chenjezo lalikulu linaikidwa kenako linachotsedwa mu 2020 zotsatira zina zitabwera, komabe amene ali ndi chilonda cha phazi chosapola auze adokotala asanayambe.

Gulu lachitatu ndingolidutsa mwachangu, ma gliptin monga sitagliptin, Januvia, wa 2006. Amaletsa thupi kuphwanya GLP-1 wanu yemwe, amatsitsa shuga pang'ono, sanenepetsa saondetsa, ndi ofatsa moti amayenera achikulire amene glibenclamide akuwagwetsa, koma mtima ndi impso sateteza. Ena amamva kupweteka molumikizira mafupa, saxagliptin sayenera a mtima wofooka, ndipo palibe phindu kuwaphatikiza ndi jakisoni wa GLP-1.

Nanga ndalama? Ku America mtengo wolembedwa wa Ozempic unakhala kupitirira madola 900 pa mwezi kwa zaka zingapo, pomwe kafukufuku wa 2024 amene a MSF, bungwe la madokotala opanda malire, anatenga nawo mbali anawerengera kuti kupanga mlingo wa mwezi kungathe kutheka ndi ndalama zosakwana madola 5. Zimenezi zimandiwawa. WHO inaika empagliflozin ndi anzake pa mndandanda wa mankhwala ofunikira mu 2021, ndipo mu September 2025 inawonjezera semaglutide ndi tirzepatide kwa anthu a type 2, shuga wofala uja wa akuluakulu, onenepa amene alinso ndi vuto la mtima kapena impso, onani mmene anasankhira anthu ake. Dapagliflozin wa makampani a ku India alipo kale wotsikirapo mtengo, ndipo umwini wa semaglutide, lamulo loletsa makampani ena kumupanga, unali wofika 2026 basi m'maiko monga India, Brazil, China ndi Canada. Pakadali pano ku zipatala za boma ambiri tikadali pa metformin, glibenclamide ndi insulin, amene akugwirabe ntchito yake akamwedwa bwino.

Mbale wanga uja ndinamuimbira ndekha. Ndinamuuza kuti achimwene jakisoniyo musatumize, ndalama yakeyo tumizani tiwayezetse mayi impso, magazi a creatinine ndi mkodzo woona ngati mukutuluka puloteni, tiwayezetsenso HbA1c, magazi oonetsa mmene shuga wakhalira miyezi itatu yapitayi, ndi maso, poti zaka zonsezi maso sanayezedwepo. Anakana kaye kuti mukuwamana mayi zabwino, koma nditamufotokozera za glibenclamide ndi kuonda kuja anamva. Zotsatira tikazitenga tipita nazo kwa adokotala pa tsiku lawo la kiliniki, ndipo mafunso ndawalembera kale kuseri kwa buku lawo la kuchipatala: ngati mkodzo waonetsa puloteni, dapagliflozin angawayenere ndi thupi lawo lochepali, ndipo ngati angawayenere glibenclamide achepetsedwe bwanji.